Nkhuku yasuluka nthenga: ndi dzuwa, chakudya, nsabwe kapena ukalamba?

Munaigula ili msoti, yakuda bii, ikaima padzuwa nthenga n'kumachita kung'anima mobiriwira. Chaka chisanathe n'komwe, pamsana ponse pafiira ngati chitsulo chadzimbiri. Mwina yanu inali yofiira psuu, lero yatuwa ndipo m'khosi mwayamba kuoneka zoyera. Kudya ikudya, kupalasa ikupalasa, mazira ikuikira, koma mtundu uja wapita. Oweta nkhuku zapakhomo amakumana ndi zimenezi chaka ndi chaka, ndipo ambiri amathamangira kogula mavitamini asanaigwire n'komwe nkhukuyo kuti aone chimene chachitika.

Pali chinthu chimodzi chimene chimamasula nkhani yonseyi. Nthenga ikamaliza kukula imakhala yakufa, monga tsitsi kapena nsonga ya chikhadabo chanu. Pamene ikumera, kuphata kwake kumakhala magazi, ndipo ndi nthawi yokhayo imene thupi limatha kuikamo mtundu. Ikakhwima, magazi aja amauma, basi zatha. Kuyambira pamenepo nthengayo imangoperepeseka ngati chovala. Dzuwa limaiwomba, fumbi limaikhula, mvula imainyowetsa, ndipo nkhuku ilibe njira yoibwezeretsera mtundu. Chakudya kapena mankhwala amene mungapatse nkhuku lero sangadetsenso nthenga imene inasuluka kale. Angathandize nthenga zokhazo zimene zidzamere m'tsogolo.

Ndiye chofunika kudziwa ndi ichi: kodi nthengazi zinamera bwino n'kusuluka pambuyo pake, kapena zinatuluka pakhungu zili kale zotuwa? Zikakhala kuti zinasuluka pambuyo pake, kawirikawiri palibe chodetsa nkhawa. Zikakhala kuti zinamera choncho, pali china chimene chinasowa m'thupi, kapena ndi mtundu wa nkhukuyo.

Yambani mwaigwira

Kuiyang'ana ili patali sikungakuuzeni kanthu. Igwireni kum'mawa isanatuluke m'khola, pamene sivuta kugwira, n'kupita nayo powala. Tukulani nthenga za pamsana muone mbali imene imaphimbidwa ndi nthenga zinzake. Tambasulani phiko muone za kunsi. Kenako yerekezani ndi nsonga zimene zimakhala poyera tsiku lonse.

Mukapeza kuti nsonga zasuluka koma kobisika mtundu ukadali wakewake, ndipo pamsana ndi pamapiko ndi pamene pasuluka kwambiri kusiyana ndi pachifuwa ndi kumimba, ndi dzuwa limenelo. Nthenga yonse ikakhala yotuwa kuyambira kunsonga mpaka pafupi ndi khungu, ngakhale za kunsi kwa phiko, ganizirani za chakudya kapena mtundu. Mukaona nthenga zokukutika, zoduka, kapena tinthu toyera tomatirira kuphata, pitani pagawo la nsabwe. Mukadali nayo m'manja, ikhudzeninso pafupa la pachifuwa. Fupalo likakhala lakuthwa ngati mpeni, popanda mnofu mbali zonse, nkhani si ya nthenga ayi, nkhukuyo yawonda ndipo pali china chikuidya.

Dzuwa

Apa m'pamene pamathera nkhani zambiri. Mtundu wa nthenga za nkhuku umachokera ku melanini, chinthu chomwe chija chimene chimadetsa khungu ndi tsitsi la munthu. Melanini ilipo ya mitundu iwiri. Eumelanin imapereka kuda ndi kutuwira, pheomelanin imapereka kufiira, kofiirira ndi chikasu chagolide. Cheza cha dzuwa chimaswa melanini pang'onopang'ono, monga chimachitira ndi nsalu yoyanikidwa panja masiku ambiri.

Mtundu uliwonse umasuluka mwa njira yakeyake. Nkhuku zakuda monga Black Australorp zimafiirira pamsana ndi kumchira. Kung'anima kobiriwira kuja sikuchokera ku utoto wobiriwira ayi, ndi mmene kuwala kumabwererera kukagunda pamwamba pa nthenga yosalala bwino, n'chifukwa chake kumayamba kutha nthenga ikangokhulika pang'ono, kuda kwenikweni kusanasinthe. Rhode Island Red, imene imayamba ndi kufiira kwakuya, imayera n'kukhala ngati njerwa youma. Buff Orpington ndiye imasuluka mosabisa, moti ina imakhala ya mawangamawanga, pena pachikasu pena potuwa, munthu n'kumaganiza kuti ili ndi chipere. Zoyera zimachita zosiyana ndi zinzake: m'malo moyera kwambiri zimayamba chikasu m'khosi ndi pamsana.

Chochita n'chochepa. Ikani mthunzi pamalo pamene nkhuku zimakhala masana, kaya ndi mtengo, tchire kapena kadenga, ndipo madzi ndi chakudya zikhale pansi pa mthunziwo kuti zizikonda kukhala pomwepo. Oweta nkhuku za chionetsero amazisunga pamthunzi miyezi ingapo chionetsero chisanafike pa chifukwa chomwechi. Koma inu amene mukuwetera mazira, musafike potsekera nkhuku m'khola la mdima chifukwa cha mtundu wa nthenga. Nkhuku imafuna dzuwa kuti thupi lake lipange vitamini D, imene imathandiza kulimbitsa mafupa ndi zikamba za mazira, ndipo kuwala n'kumene kumaichititsa kuikira. Mwaonapo nkhuku itagona chammbali padzuwa, phiko litatambasuka, ngati yakomoka? Imachita dala, ndipo imakondwa nazo. Ine ndimasankha nkhuku yosuluka yoikira dzira lolimba kusiyana ndi yakuda bii yotsekeredwa.

Musaiwalenso kuti nthawi zina chimene mukuona si kusuluka koma litsiro. Nkhuku imasamba fumbi, ndipo nthenga zimatenga mtundu wa dothi limene ikuvimvinizikamo. Yoyera yosamba m'dothi lofiira imafiira, yakuda yosamba paphulusa imatuwa. Pukutani nthenga zingapo ndi kansalu konyowa. Mtundu ukabwerera, nkhani yathera pomwepo. Zitosi zonyowa za m'khola losasesedwa nazonso zimadetsa nthenga za kumimba ndi kumchira, komanso zimaziwononga.

Yosasangalatsa m'maso ija mwina ndiye ikukudyetsani

Izi zinandichitikira ine ndemwe. Ndinali ndi mathadzi angapo ofiira a msinkhu umodzi. Limodzi linali lokongola, nthenga zosalala, miyendo yachikasu chowala. Lina linali lotuwa, mchira wothothoka, miyendo yoyera mbee ngati ladwala. Ndinatsala pang'ono kuchotsa lotuwalo. Nditakhala masiku angapo ndikuonetsetsa amene akulowa m'chisa, ndinapeza kuti lotuwa lija likuikira pafupifupi tsiku lililonse, pamene lokongola lija limangodya n'kumadzikonza nthenga.

Sizinali zodabwitsa kwa odziwa nkhuku. Thadzi loikira kwambiri limapereka mapuloteni ake ku mazira, ndipo limachedwa kusintha nthenga, choncho limavala nthenga zakale nthawi yaitali kuposa zinzake. Kulowa ndi kutuluka m'chisa tsiku ndi tsiku kumaperepesanso nthenga. Mitundu yoikira kwambiri monga ISA Brown, Lohmann Brown ndi Hy-Line Brown ili ndi chinanso: nthenga zake n'zofiira kunsonga koma kunsi n'zoyera. Nsonga zikamatha, zoyera zija zimayamba kuonekera, ndipo nkhuku yonse imaoneka ngati yathiridwa ufa.

Pa nkhuku za khungu lachikasu pali chizindikiro china chothandiza kwambiri. Chikasu cha pamlomo ndi m'miyendo chimachokera m'chakudya, monga masamba obiriwira ndi chimanga chachikasu, ndipo ndi chomwecho chimene chimakongoletsa chikasu cha dzira. Thadzi likayamba kuikira, thupi limatumiza chikasucho ku mazira, ndipo ziwalo zimasuluka motsatana: poyamba potulukira dzira, kenako kuzungulira maso, kenako mlomo kuyambira kuphata kupita kunsonga, miyendo n'kukhala yomaliza. Mlomo umayera pakatha milungu 4 mpaka 6, miyendo imatenga miyezi ingapo. Likasiya kuikira, chikasu chimabwerera. Ndiye mukaona thadzi la miyendo yoyera, nthenga zosuluka, koma lipombo lofiira, lofewa ndi lofunda, maso owala, limenelo lisiyeni, likugwira ntchito.

Pamene nthenga zatsopano zikumera zotuwa

Apa ndiye pofunika kukhala tcheru. Nkhuku ikasintha nthenga, zatsopano zimayenera kukhala zowala ndi za mtundu wakuya kuposa zakale. Zikatuluka zotuwa, zopyapyala, zothyoka msanga, kapena nthenga yakuda ikamera ndi chigamba choyera pakati, yang'anani m'chodyera.

Nthenga ndi mapuloteni pafupifupi yonse, oposa 80 peresenti, a mtundu wa keratini. Kuti ipangidwe bwino pamafunika tizigawo ta mapuloteni totchedwa methionine ndi cystine. Kachigawo kena kotchedwa lysine kakasowa, nthenga za nkhuku zakuda kapena zofiira zimatha kumera zopanda mtundu. Kopa imafunika kuti thupi lithe kupanga melanini, ndipo kusowa kwa ayironi kapena folic acid nakonso kumasulutsa nthenga zomera kumene. Zinki ikachepa, nthenga zimamera zonyenyeka m'mphepete.

Mayinawa asakuopseni. Simukuyenera kukagula chilichonse pachokhachokha, ndipo kopa makamaka musamaithire nokha m'madzi kapena m'chakudya, chifukwa ikachuluka imasanduka poizoni. Chimene chimachitika pakhomo pambiri n'chosavuta kumvetsa: nkhuku zikudya chimanga ndi zotsala za kukhitchini mopitirira muyezo. Chimanga chili ndi mapuloteni apakati pa 8 ndi 9 peresenti okha, ndipo lysine ndi yochepa kwambiri m'menemo, pamene thadzi loikira limafuna chakudya cha 16 peresenti kapena kuposerapo pang'ono. Ngakhale amene amagula chakudya chosakaniza kale amalakwitsa pomwepa. Amathira chakudya chabwino m'chodyera, kenako n'kumwaza chimanga chambiri pabwalo chifukwa chosangalala kuona nkhuku zikuthamangira. Nkhuku imakhuta chimangacho, chakudya chenicheni chija n'kuchisiya. Zoonjezera zoterezi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a zonse zimene nkhuku imadya patsiku.

Yang'ananinso thumba la chakudyalo. Likakhalitsa miyezi yambiri pamalo otentha, mavitamini amatha mphamvu. Likachita chuku, litayeni, musachite kulinganiza zoliyanika padzuwa.

Pali chinanso chimene mungaone mukaunika nthenga yayikulu ya phiko kapena mchira padzuwa: timizere topyapyala toonekera kuwala, todutsa chopingasa. Mzere uliwonse ukusonyeza tsiku limene nthengayo inasokonezeka pokula, mwina nkhuku inagona ndi njala, inasowa madzi, inadwala kapena inaopsezedwa kwambiri. Nthenga imathyokera pamizere yomweyo. Mizere ikakhala yambiri pa nkhuku zambiri, dzifunseni ngati chodyera ndi chomwera zimakhala zopanda kanthu masiku ena, kapena ngati nkhuku zamphamvu zikuthamangitsa zofooka pa chakudya. Kuika chodyera chachiwiri patali ndi choyamba kumathetsa zambiri.

Nsabwe ndi utitiri

Nthenga zimene zataya kuwala, zokhakhala, zooneka ngati zadyedwa ndi njenjete, nthawi zambiri zimakhala ndi alendo. Patulani nthenga pafupi ndi potulukira dzira ndi kunsi kwa mapiko. Nsabwe za nkhuku n'zachikasu chotuwa, zimathamanga pakhungu mukangoziunikira, ndipo zimadya nthenga ndi mfundu za khungu. Mazira ake amaunjikana kuphata kwa nthenga ngati timibulu toyera tolimba tosachoka ndi chala. Pali tizilombo tina tating'ono kwambiri toyamwa magazi timene timakhala pathupi nthawi zonse, ndipo timadetsa nthenga za kumbuyo ngati zapakidwa mwaye.

Tovuta kwambiri ndi tizilombo tina tofiira timene simungatipeze pankhuku masana. Timabisala m'ming'alu ya khola ndi kunsi kwa mitengo yogonapo, n'kumatuluka usiku kukayamwa. Kuti mutidziwe, pitani m'khola usiku ndi kansalu koyera, pukutani kunsi kwa mtengo wogonapo. Pakaoneka timizere ta magazi, ndi tomweto. Nkhuku zovutitsidwa ndi tizilomboti zimayera lipombo, ndipo zina zimayamba kukana kulowa m'khola madzulo. Timatha kukhala miyezi yambiri osadya, choncho kuchotsa nkhuku m'khola kwa mlungu umodzi sikungatiphe.

Gwiritsani ntchito mankhwala ovomerezeka pa nkhuku, motsatira malangizo olembedwa pa botolo kapena paketi, kuphatikizapo masiku oyenera kudikira musanadye mazira. Thirani nkhuku zonse, osati yokhayo yooneka yodwala, ndipo khola lisesedwe n'kuthiridwanso. Bwerezani pakatha masiku 7 mpaka 10, chifukwa mazira a tizilomboti sakufa ulendo woyamba. Ambiri amalephera pamenepa, amathira kamodzi n'kuiwala, mwezi wotsatira vuto labwerera. Malo ouma osambirapo fumbi, osafikako mvula, amathandiza kuti tizilombo tisachuluke. Njoka za m'mimba nazo zimatha kutuwitsa nkhuku poilanda chakudya, ndipo izi zimayenda limodzi ndi kuwonda.

Mukadali kumbuyoko, onani pamwamba pa phata la mchira. Pali kachotupa kakang'ono ngati nsonga ya bere, kamene kamatulutsa mafuta. Nkhuku imatapa mafutawo ndi mlomo n'kumapaka nthenga zake, ndipo ndi amene amazisunga zofewa ndi zowala. Kakatupa kapena kutsekeka, nthenga zimauma. Nkhuku yodwala nayo imasiya kudzipaka, n'chifukwa chake imatuwa m'masiku ochepa chabe.

Za tambala sizifuna mawu ambiri. Pamsana ndi kumbuyo kwa mutu pakakhala pothyokathyoka, nthenga zofewa zotuwa za kunsi zili poyera, ndi zikhadabo za tambala. Mmodzi amakwanira mathadzi pafupifupi 10. Akachuluka, kapena akakonda thadzi limodzi, mupatuleni kwa kanthawi. Nkhuku zothithikana m'khola laling'ono zimajomphanso nthenga zokhazokha, ndipo mudzaona kuti imodzi, yojompha zinzakeyo, ndiyo yokhayo yosalala.

Zina n'zobadwa nazo

Pali kusintha kumene simungakuletse. Nkhuku za mawanga monga Ancona ndi Speckled Sussex zimaonjezera zoyera nthawi iliyonse zikasintha nthenga, moti ya zaka 4 imaoneka yosiyana kwambiri ndi mmene inalili ili msoti. Nkhuku zakuda zina zimamera nthenga zoyera apo ndi apo zikamakalamba, makamaka kumutu ndi kumapiko, monga imvi. Pamalo pamene panali bala, nthenga imatha kumera yoyera mpaka kalekale, chifukwa tizigawo topanga melanini pamenepo tinawonongeka. Ndipo nkhuku zosakanizika mitundu zimatha kutulutsa mtundu umene unabisala, yakuda n'kuyamba kufiira m'khosi pa chaka chachiwiri. Kusiyanitsa kwake ndi kwa chakudya n'kwakuti nthenga zoterezi zimakhala zolimba ndi zosalala, ndipo zimachitikira nkhuku imodzi pamene zinzake zodya m'chodyera chomwecho zili bwinobwino. Vuto la chakudya limagwira gulu.

Chosowa koma chochititsa chidwi ndi thadzi lokalamba limene limasiya kuikira, lipombo n'kukula, kenako n'kumera nthenga zosongoka zowala za m'khosi ngati za tambala, mwinanso kuyamba kulira. Thadzi limagwiritsa ntchito chiberekero cha mazira cha kumanzere chokha. Chimenecho chikawonongeka ndi chotupa kapena matenda, mahomoni achikazi amachepa, ndipo ndi mahomoni omwewo amene amaletsa nthenga zachitambala kumera.

Dokotala wa ziweto muitaneni ngati kusuluka kwabwera pamodzi ndi zina: lipombo loyera kapena lakuda mofiirira, kuwonda, kutsegula m'mimba, kupuma movutika, kukhala yokha itafufumitsa nthenga, kapena ngati nkhuku zingapo zafooka nthawi imodzi. Yoteroyo ipatuleni kwa zinzake msanga. Mtundu wa nthenga pawokha, nkhuku ili yamphamvu, si chifukwa chothamangira mankhwala.

Yankho limabwera nthenga zikasosoka

Thadzi limasintha nthenga zake zonse koyamba likafika miyezi pafupifupi 18, kenako kamodzi pachaka, kawirikawiri pamene masana ayamba kufupika. Zimayamba kumutu ndi m'khosi, kutsikira pachifuwa ndi pamsana, kumalizira mapiko ndi mchira. Zimatenga milungu 8 mpaka 12, zina mpaka 16. Loikira kwambiri lija limasosoka mochedwa koma mwachangu, nthenga n'kudzaza khola ngati mwalowa chilombo usiku. Mazira amachepa kapena kusiyiratu, ndipo musadandaule nazo.

Nthawi yoti muchitepo kanthu pa mtundu wa nkhuku yanu ndi imeneyi yokha. Perekani chakudya cha mapuloteni ochulukirapo, cha 18 mpaka 20 peresenti, chepetsani chimanga chomwaza, madzi asasowe. Nsabwe zikhale zitathetsedwa kale. Pewani kuigwiragwira, chifukwa nthenga zomera kumene, zooneka ngati timinga, zimakhala ndi magazi ndipo zimapweteka, zikathyoka zimatuluka magazi ndipo zinzake zimayamba kujompha pamenepo. Si nthawinso yobweretsa nkhuku zachilendo kapena kusamutsa khola.

Isanayambe kusosoka, ijambuleni ndi foni ili panja powala, ndipo tolani nthenga imodzi yakale ya pamsana muisunge. Zatsopano zikakhwima, ikani yakaleyo pambali pake. Zikakhala zakuda bii kapena zofiira psuu ngati kale, linali dzuwa ndi kuperepeseka, ndipo pakatha miyezi ingapo zidzasulukanso momwemo. Zikakhala zolimba koma mtundu wasintha, ndi msinkhu kapena mtundu wake. Zikamera zotuwa, zofooka, za timizere, bwererani ku chodyera ndi kunsi kwa mtengo wogonapo.